Kuchokera pa Bwalo la Malipenga Kufika ku Chancellor College

Anthu ambiri akamva za mtsogoleri wa zisudzo amaganiza za holo yaikulu ya m'tauni. Komatu ntchito imeneyi inalipo kale m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, monga ku Sanga, Chintheche ndi Kande, m'dera la Nkhata Bay.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali a Keyala anabwerera kwao ataona perete wa Azungu. Atonga anatenga perete uja namusandutsa gule wa malipenga. M'malo mwa malipenga achitsulo anaboola zikho, nazimata ndi nembanemba ya kangaude. Gulu lililonse linkatchedwa boma, ndipo linali ndi Kingi wake, akapitawo, dokotala ndi anamwino. Akuluakulu a boma ndiwo ankaphunzitsa anyamata mapondedwe, kuyendera zobvala zoyera ngati zachapidwa bwino, kusonkhetsa ndalama ndi kukonza ulendo wokapikisana ndi boma la mudzi wina. Munthu wotere anali mphunzitsi, wokonza masewero ndi mtsogoleri wa mudzi nthawi imodzi, ngakhale analibe setifiketi.

Zisudzo za m'sukulu zinadzera njira ina. Mpikisano wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ATEM, unayamba mu 1969, ndipo m'zaka za m'ma 1970 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linayamba kuyendera maboma. Bvuto linali lakuti masewero ambiri anali m'Chingerezi, motero mlimi ndi msodzi ankangoonerera chapatali.

Mmodzi mwa amene anasintha zimenezi ndi Bambo Christopher Kamlongera, amene anali mphunzitsi wa zisudzo pa koleji imeneyi. Iwo pamodzi ndi mnzao David Kerr anatengera ophunzira ao kumudzi. Mu 1981 anakachita masewero ku Mbalachanda m'dera la Mzimba, pa chilankhulo cha anthu, okamba za ulimi ndi sukulu ya kwacha. Kuyambira 1985 gululi linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde. Kumeneko sewero linkaima pakati, wosewera n'kutembenukira kwa anthu kuwafunsa chochita ndi chitsime choipa kapena mudzi wopanda zimbudzi. Mayankho a anthuwo ndiwo ankatsiriza sewero, kenaka n'kusanduka ntchito ya mudzi.

Mu 1986 Bambo Kamlongera analemba nkhani yosonyeza kuti malipenga ndi sewero lenileni, losakaniza zachilendo ndi zamakolo. Mu 1989 anatulutsa buku la zisudzo zachitukuko m'Malaŵi ndi m'Zambia, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa Chancellor College. Chimene ophunzira a ku Zomba anachipeza movutikira, anthu a kunyanja anachidziŵa kale: sewero limagwira mtima ngati eni mudzi ali m'kati mwake, akuyimba ndi kubvina okha.

Mbiri imeneyi ili ndi chenjezo. Malipenga alibe buku. Amakhala m'miyendo ndi m'mutu mwa amene anaphunzitsidwa. Kingi akamwalira asanasule mnyamata wolowa m'malo mwake, mapondedwe a boma lonse amapita naye kumanda. Choncho aphunzitsi a ku Sanga ndi kwina konse, pokonza zisudzo za ana a sukulu, ayambe akagogoda pakhomo la akuluakulu a malipenga ndi amayi a chilimika. Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera, koma amakoma pokhapokha wina atawamva eni ake adakali moyo.