Mpando wakumbuyo kwa kalasi: mbiri ya mphunzitsi watsopano ku Malawi



Sabata yatha kunyumba kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 zaka zapitazo. Digiri anamaliza, ndipo podikira ntchito ya boma akugwira ganyu yophunzitsa, masana pa sukulu ya open, Loweruka pa kakoleji kena komwe si ka boma. Anandipeza pakhonde ndikuchonga mayeso. Atakhala pansi anati, "Aphunzitsi, phunzirolo ndikulidziwa, koma ndikaima kutsogolo kwa anthu 90 mutu umaima. Chiyambireni palibe amene anadzandiona ndikuphunzitsa."

Ndinamuuza kuti vuto lakelo ndi lakale kuposa agogo ake. Nthawi iliyonse imene dziko lino latsegula zitseko za sukulu kwa ana ambiri, lakhala likuimika kutsogolo kwa kalasi anthu amene sanakonzeke. Mbiri ikuonetsanso kuti chimene chinkawapulumutsa ndi munthu wodziwa ntchito amene ankabwera kudzawaona akuphunzitsa.

Tiyambire pakhomo pompano. Amishoni a UMCA, omwe ndi mpingo wa Anglican lero, anakhazikika ku Kota Kota mu 1894, ulamuliro wa a Jumbe ukupita kumapeto. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja, ndipo manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints kuno ku boma. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901. Ambiri timangoidziwa ngati sitima yakale, koma inkagwiranso ntchito ngati sukulu yoyandama. Sukulu za mishoni zinali zomwazikana m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, makamaka kutsidya la kum'mawa, ndipo ambiri mwa ophunzitsa anali anyamata amene anangowaposa pang'ono ana awo. Wansembe William Percival Johnson ankayenda pa sitimayo mudzi ndi mudzi, kuyendera sukuluzo ndi kuphunzitsa aphunzitsi m'sitima momwemo. Mphunzitsi wa kumudzi ankadziwa kuti tsiku lina utsi udzaoneka panyanja, ndipo wina adzatsika kudzaona ntchito yake.

Boma la atsamunda linalowa mochedwa. Komiti ya Phelps-Stokes inayendera Nyasaland mu 1924, ndipo dipatimenti ya zamaphunziro inakhazikitsidwa mu 1926. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa Jeanes Training Centre. Dzinali linachokera kwa mayi wina wa ku Philadelphia, Anna T. Jeanes, amene mu 1907 anapereka chuma chake kuti chithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kumwera kwa America. Nzeru yake inali yosavuta: tengani mphunzitsi waluso, mumusule bwino, kenako azizungulira sukulu zing'onozing'ono kuthandiza anzake osaphunzira ntchito. Ku Domasi amuna ankapita ndi akazi awo omwe. N'zoona kuti maphunziro a nthawi imeneyo anali ndi cholinga chosunga munthu wakuda kumudzi, pa khasu ndi ntchito zamanja, ndipo Amalawi ofuna maphunziro apamwamba anali ndi chifukwa chodandaulira. Koma mfundo ya mphunzitsi woyendera anzake inali yabwino.

Tidumphe tifike mu 1994, chaka chimene ambiri a msinkhu wanga timachikumbuka. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndinali Sitandade 8. Ndikukumbuka ana a Sitandade 1 atadzaza pansi pa mitengo ya mango, ena aakulu misinkhu ongochokera ku makoka. Boma linalemba aphunzitsi atsopano pafupifupi 22,000, ambiri a iwo osapita ku koleji. Anawapatsa maphunziro a masabata owerengeka, n'kuwapatsa choko. Ena anali achimwene athu enieni amene dzana lake tinkasewera nawo mpira.

Pofuna kukonza zinthu, mu 1997 boma linayambitsa pologalamu ya MIITEP. Mphunzitsi ankakhala miyezi 3 ku koleji, ngati ku Kasungu kapena ku Lilongwe, kenako miyezi pafupifupi 20 akuphunzitsa pasukulu yake uku akuwerenga mabuku a pologalamuyo, n'kubwereranso kukalemba mayeso. Papepala zinali bwino kwambiri, chifukwa m'miyezi 20 ija ahedi, a PEA ndi aphunzitsi a ku koleji amayenera kumamuona akuphunzitsa. Koma amene anaunika pologalamuyi anapeza kuti mbali imeneyi ndi imene inafooka. Mayendedwe ankavuta, ndalama zinkachedwa, ahedi anali ndi makalasi awoawo. Aphunzitsi ambiri anatenga satifiketi ataonedwa kowerengeka chabe. Ana a Sitandade 1 a nthawi imeneyo ndi amene anafika ku sekondale akuvutika kuwerenga ndime ya Chingerezi, ndipo ena mwa inu munawalandira.

Funde lomwelo linafika ku sekondale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ndipo ophunzitsa ambiri anatengedwa ku pulayimale. Munthu wozolowera Sitandade 6 anapezeka akuphunzitsa Biology ya Fomu 4 popanda labu. Kuyambira mu 2000, Domasi College of Education, mothandizidwa ndi dziko la Canada, inayamba kuwaphunzitsa dipuloma ali pantchito, kupita ku koleji nthawi ya holide n'kubwerera kusukulu teremu ikayamba.

Mmodzi mwa anthu amenewa ndi amene anandiphunzitsa ine ntchito. Nditafika pa sukulu yanga yoyamba ndi dipuloma ya ku yunivesite, ndinkadziona ngati katswiri. Ndinkalowa m'kalasi, kulankhula mphindi 30, kulemba manotsi bolodi lonse, n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Ana onse pamodzi, "Eee!" Mayeso a pakati pa teremu atabwera, anakhoza ana 11 mwa ana 84. Ndinapsa mtima n'kunena mu sitafu kuti ana a kunyanja mitu yawo ili pa usipa.

Mayi wina wachikulire, amene anachokera ku pulayimale, sanayankhe. Mawa lake anandipempha kuti akhale nawo m'kalasi mwanga. Anakhala kumbuyo ndi kope lake. Titatuluka anandionetsa pepala lomwe anajambulapo mizere ya mabenchi, atachonga mwana aliyense amene ndinamufunsa funso. Anali ana 7 okha, onse a kutsogolo, mtsikana mmodzi yekha. Anati, "Achimwene, History mukuidziwa, koma mukuphunzitsa ana 7. Enawo angobwera kudzakuperekezani." Manyazi anandigwira, koma zinali zoona.

Zimene anandiuza m'masabata otsatira ndi zomwe ndinamuuza mnyamata uja pakhonde. Dziwa mayina a ana, ngakhale atakhala 90. Yamba ndi a kumbuyo. Usafunse "mwamva?", funsa funso limene yankho lake lionetse ngati amva, ndipo udikire pang'ono usanatchule woyankha. Pa phunziro limodzi sankha mfundo ziwiri kapena zitatu, osati tsamba lonse la silabasi. Yambira pa chimene akuchidziwa: mwana wa ku Linga amadutsa tsiku ndi tsiku pa mtengo womwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, ndiye nkhani ya ukapolo isayambire m'buku. Mawu ovuta a Chingerezi uwamasulire, kenako ubwerere ku Chingerezi, chifukwa mayeso a MANEB sadzabwera m'Chichewa. Ndipo mphindi zomaliza uwapatse kafunso kolemba, utolere makope khumi okha, uone pomwe asokonekera.

Wa ganyu ali ndi vuto lina lowonjezera. Amafika belu litatsala pang'ono kulira, amachoka likangolira, malipiro ake amawerengedwa pa maola, ndipo ku misonkhano ya dipatimenti saitanidwa. Ophunzira ake a masana ambiri ndi akuluakulu, ena ndi amayi a ana, ena agona panyanja usiku wonse. Munthu amene akufunika thandizo kwambiri ndi amene timamusiya yekha.

Pempho langa kwa inu akuluakulu anzanga ndi ili. Sitima ya Johnson sidzabweranso, ndipo oyendera sukulu a boma sangafike paliponse. Koma aliyense wa ife ali ndi piriyodi imodzi yopuma pa sabata. Tengani kope, mupemphe chilolezo, mukakhale kumbuyo kwa kalasi ya watsopano uja. Musapite ngati wapolisi. Mukatuluka mumuuze chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze, ndipo sabata inayo mumuitane adzaonere inunso. Mutu umodzi susenza denga.

Mnyamata uja tagwirizana kuti Lachitatu masana ndikakhala kumbuyo kwa kalasi yake ya Fomu 2. Kope ndagula kale.