Liwiro la Mumchenga

Makolo athu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mwambi umenewu ndidakula nawo, koma tili ana ku Migowi, kuno ku Phalombe, sitinkautsata. Tikamapikisana pochokera kusukulu, wamng'ono tinkamuuza kuti atsogoleko mpaka pamtengo wa mango, ndipo ife okulirapo tinkanyamuka iye atafika pamenepo. Mkangano sunkalephera. Akapambana tinkati tamupatsa mtunda wautali, akagonja ankalira kuti tam'bera. Nditakula ndidadzawerenga kuti ku America anthu a ndevu zawo akhala pamkangano womwewu kwa zaka zoposa 60, kungoti iwo amathamangitsa galimoto.

Masewerowa amawatcha drag racing. Galimoto ziwiri zimaima pamzere, kenaka n'kuliyatsa liwiro pamsewu wowongoka wa mamita 402. Poyamba chidali chipwirikiti cha anyamata m'misewu ya ku California. M'chaka cha 1951 Wally Parks, yemwe adali mkonzi wa magazini ya Hot Rod, adayambitsa bungwe la NHRA pofuna kuchotsa mipikisanoyi m'misewu ya anthu, ndipo mu 1955 bungweli lidachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse ku Great Bend m'chigawo cha Kansas.

Ambiri mwa opikisana adali anthu wamba obwera ndi galimoto zomwe ankapita nazo kuntchito, zosasinthidwa kwenikweni chitulukire kufakitale. Zimenezi ndizo ankati stock. Koma zala za m'manja sizilingana: ina idali yolemera ya injini yofooka, ina yopepuka ya injini yamphamvu. Bungwe lidaganiza zoziika m'magulu. Ankatenga kulemera kwa galimoto n'kugawa ndi mphamvu ya injini monga kampani yopanga idalengezera, ndipo yankho lake ndilo linkanena gulu lake. Magulu ankawatchula ndi malembo, A, B, C mpaka kumunsi.

Apa m'pamene ukathyali woyamba udalowera. Makampani adaona kuti akalengeza mphamvu yochepa, galimoto yawo igwera m'gulu la zofooka n'kumakazikwapula. Mu 1968 kampani ya Ford idatulutsa injini ya 428 Cobra Jet n'kunena kuti mphamvu yake ndi 335 pamuyezo wa horsepower, pamene odziwa za injini ankati idaposa pamenepo kutali. Chaka chomwecho galimoto ya Mustang ya injini imeneyi idapambana pampikisano wa Winternationals ku Pomona. Poona zotere, bungwe silinkadaliranso mawu a kampani okha. Linkaika lokha nambala ya mphamvu malinga ndi momwe injini ikuthamangira pabwalo.

Vuto lina lidali loti opambana m'magulu osiyana adayenera kukumana kuti papezeke katswiri mmodzi. Nanga wa gulu A angayambire limodzi bwanji ndi wa gulu la kumunsi? Poyamba ankachita monga ife pamtengo wa mango uja: galimoto yofooka ankaiimika patsogolo, wonyamula mbendera n'kuzinyamutsa. Mu 1963 ku Indianapolis kudabwera nyali zamagetsi zoyambitsira mpikisano, zomwe amazitcha Christmas Tree. Kenaka nyalizi zidathandiza kuti mwayi uja uziperekedwa m'nthawi osati mumtunda. Ngati galimoto ina imatha msewu m'masekondi 12 ndipo inzake m'masekondi 10, nyali yobiriwira imayamba kuyakira yofookayo, inayo n'kudikira masekondi 2.

M'zaka za m'ma 1960 kusiyana kumeneku ankakuwerengera pa rekodi ya gulu lililonse, ndiko kuti nthawi yochepetsetsa imene wina m'gulumo adathamangapo. Zotsatira zake zidali zoseketsa. Wophwanya rekodi ankadzichepetsera yekha mwayi, komanso ankaumitsa zinthu kwa anzake onse a m'gulu lake. Choncho ochenjera adaphunzira kubisa liwiro, kumachotsa phazi pamoto akayandikira mzere womaliza. Mpikisano wa liwiro udasanduka mpikisano wobisa liwiro.

M'zaka za m'ma 1970 bungwe lidasiya kudalira marekodi n'kuyamba kuikira gulu lililonse nthawi yakeyake yotchedwa index. Masiku ano woyendetsa amalemba pagalasi la galimoto nthawi imene akulonjeza kuthamanga, yosachedwa kuposa index ya gulu lake, ndipo nyali zimatsata nambala imeneyo. Akathamanga mofulumira kuposa lonjezo lake wagonja, ngakhale afike woyamba. Wonama kuti ndi wofooka amakodwa mumsampha wake womwe. Koma galimoto za gulu limodzi zikakumana zimanyamukira limodzi, monga mwambi wathu ukunenera.

Wina angafunse kuti nkhani ya galimoto za ku America ikutikhudza bwanji ife oyenda pa kabaza. Ndine wantchito m'boma, ndipo namondwe Freddy atasakaza boma lathu mu Malichi 2023 ndidali nawo pakalembera wa mabanja ofunika thandizo. Pakhomo lina mbuzi zidatumizidwa kwa achibale tisadafike, khola n'kutsala lopanda kanthu koma manyi ake ali aawisi. Pakhomo loyandikana nalo mayi wina wachikulire adatiwerengera nkhuku zake zitatu osabisa, ndipo pang'ono atsale pamndandanda. Tsiku limenelo ndidakumbukira injini ija ya 335.

Mbiri imeneyi siikunena kuti kutsogoza wofooka n'kulakwa. Popanda kutero anthu wamba aja akadasiya kalekale kubwera kubwalo. Ikunena kuti lamulo lililonse lothandiza wofooka limabala anthu odzifooketsa, ndipo olisunga sayenera kugona: ayenera kukayeza okha, n'kumalikonza chaka ndi chaka. Dzina la mayi wa nkhuku zitatu uja lidalowa titabwererako kachiwiri.