Nkhuku, Mkuwa ndi Nkhongole: Amene Analipirira Sukulu Zathu

Kucokera mu Januwale 2022, mwana wa ku Kaunda Square angathe kuyamba giredi 1 mpaka kutsiriza giredi 12 pa sukulu ya boma popanda makolo ake kulipira mafizi. Timati maphunziro aulere. Koma coko, desiki ndi malipiro a mphunzitsi sizinakhalepo zaulere. Nthawi zonse pamakhala wina amene alipira, ndipo mbiri ya dziko lathu ionetsa kuti wolipirayo akalema, oyamba kutuluka m'kalasi ndi ana a m'makomboni.

Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, m'dziko la anthu oposa mamiliyoni atatu munali anthu akuda pafupifupi 100 okha amene anali ndi digiri. Amene anatsiriza sekondale anali pafupifupi 1,200. Atsamunda sanaike ndalama zambiri pa maphunziro a mwana wakuda. Sukulu zambiri zinali za amishoni, ndipo zambiri mwa izo zinali kuthera ku pulaimale. Sukulu ya Munali, imene tiipitirira tsiku ndi tsiku pa Great East Road, inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo kwa nthawi yaitali ndiyo inali khomo lalikulu la sekondale kwa anyamata a dziko lonse. A Kenneth Kaunda nawonso anaphunzirapo.

Boma latsopano linafuna yunivesite, koma ndalama sizinali zokwanira. Pempho linapita kwa anthu wamba. A pa nchito anapereka za m'thumba, a kumidzi anapereka nkhuku, mbuzi ndi zokolola kuti zigulitsidwe. Ambiri mwa iwo sanali kudziwa kulemba dzina lawo, ndiponso anali kudziwa kuti ana awo mwina sadzapondako. Anaperekabe, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Nzeru yotere sinali yathu yokha. Ku Nigeria, anthu a mtundu wa Igbo amene anali kugwira nchito m'matauni anali ndi mabungwe a anthu ocokera mudzi umodzi. Anali kusonkha ndalama kuti amange sukulu kumudzi ndi kutumiza mwana wanzeru ku koleji, poyembekezera kuti naye adzakoka anzake.

Pambuyo pa nkhuku panabwera mkuwa. Mu Ogasiti 1969, a Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Mtengo wa mkuwa unali wabwino, ndipo ndalama zake zinamanga sukulu za sekondale m'maboma ambiri. Makolo sanali kulipira mafizi, ngakhale ku sukulu zogonera komweko. Mwana wa mlonda ndi mwana wa nduna anali kudya nsima imodzi. Aphunzitsi, manesi ndi madokotala ambiri amene anatilera anatuluka m'nthawi imeneyo.

Vuto linali lakuti mphika wonse unakhala pa fuwa limodzi. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, ndipo pofika 1975 mkuwa unali utagwa. Boma linayamba kukongola, ndipo okongoza monga IMF ndi World Bank anafuna kuti licepetse ndalama zimene linali kuononga. M'zaka za m'ma 1980 mafizi anabwerera ku sukulu zogonera. M'nthawi ya a Chiluba, kuyambira 1991, makolo anauzidwa kuti athandizane ndi boma kusenza katunduyo. Panabwera ndalama za PTA, za mayeso, za yunifomu ndi za nsapato, pa nthawi imene makampani a boma anali kugulitsidwa ndipo anthu ambiri anacotsedwa nchito. Edzi nayo inali kutenga makolo, ana amasiye n'kutsala ndi ambuye awo amene anali kudalira kugulitsa tomato pamsika. Mwana wosalipira anali kubwezedwa kunyumba, ndipo ambiri sanabwerere.

Apa makomboni anadzithandiza okha. Ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Mtendere ndi kwina kunabuka sukulu za komyuniti m'machalichi, m'nyumba zosatha kumangidwa ndi pansi pa mitengo. Sanali kufunsa yunifomu. Aphunzitsi ambiri anali acinyamata otsiriza giredi 9 kapena 12, olipidwa kangacepe kapena thumba la unga, ena osalipidwa n'komwe. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba mu 1992, ndipo ndondomeko ya boma ya 1996 yochedwa Educating Our Future inazivomereza sukuluzi. Panali ngakhale maphunziro ochedwa SPARK, opanikiza zaka zisanu ndi ziwiri za pulaimale m'zaka zinayi, kuti mwana amene anacedwa kuyamba asakhale mbuli mpaka kukula. Sukuluzi zinali zosauka, koma anthu ambiri amene lero awerenga uthenga pa foni ndi kuwerengera cenji pa kantemba anaphunzirira mmenemo.

Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa mafizi kuyambira giredi 1 mpaka 7, ndipo makalasi anadzaza. Mu 2005 mbali yaikulu ya nkhongole zakunja inakhululukidwa, ndalama n'kupezekako. Koma dziko linakongolanso, ndipo mu Novembala 2020 linalephera kubweza pa nthawi yake. Maphunziro aulere a 2022 anabwera dziko likali m'nkhongole imeneyo. Caka comweco boma la a Hakainde Hichilema linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse.

Ife aphunzitsi tiona zotsatira zake ziwiri. Ana amene anali atasiya sukulu anabwerera, ena ali akuluakulu ndithu. Koma kalasi imodzi imadzaza mpaka mphunzitsi kulephera kuona buku la mwana aliyense, ndipo mwana angakwere magiredi asanadziwe kuwerenga bwino. Umbuli wotere ndi wobisika, cifukwa mwini wake wavala yunifomu.

Nanga lero alipira ndani? Ndi msonkho umene amayi anu alipira pogula sopo ndi thokotaimu, ndi mkuwa womwe uja. Conco muli ndi ufulu wofunsa. Kaunda Square, Kalingalinga ndi Mtendere zili mu konsitityuwensi ya Munali, ndipo mbali ina ya CDF ndi ya mabasale a sukulu zogonera ndi a maphunziro a nchito zamanja. Mafomu amapitira ku Ward Development Committee. Pitani mukafunse kuti analandira ndi angati, madesiki anagulidwa angati, ndipo anapita ku sukulu iti. Mafizi anacotsedwapo kale m'dziko lino, ndipo anabwerera pasanathe zaka 25.