Kuchiza ndi Mawu: Ulendo Wochokera Pabwalo Kufika kwa Phungu

M'midzi ya kwa Njewa, ku Mpingu, ku Nsaru ndi ku Kabudula, munthu wamkulu akaulula kuti sabata iliyonse amakwera galimoto kupita ku Lilongwe kukaonana ndi phungu wa za maganizo, ndipo kuti amalipira ndalama chifukwa chongokhala pansi ndi kulankhula, anthu amayang'anana. Ena amafunsa ngati mutu wake wazungulira. Ena amadabwa kuti kodi munthuyo alibe abale. Mafunso aŵiriŵa si achipongwe ayi. Lililonse lili ndi mbiri yake, ndipo omvera akaidziŵa mbiriyo adzamvetsa chifukwa chake anthu ambiri ovutika mumtima amachedwa kufuna thandizo.

Kuchiza ndi mawu si chinthu chachilendo pakati pa Acheŵa. Makolo adaika anthu oti azimva madandaulo a anzawo. Banja likagwedezeka, ankhoswe a mbali zonse ziŵiri ankakhala pansi. Mtsikana akakula, anamkungwi ankamulanga. Mwini mbumba ankamva za alongo ake ndi ana awo. Maliro akagwa, mudzi wonse unkagona pasiŵa, ndipo woferedwa sankasiyidwa yekha mpaka tsiku lometa. Nayenso sing'anga, asanapereke mtengo, ankayamba wafunsa za maloto, za mikangano ndi za akufa. Ndi chifukwa chake akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Komabe njira zimenezi zidali ndi malire. Cholinga cha ankhoswe chidali kumanga banja, osati kufufuza chimene chikudya munthu mmodzi. Anamkungwi ankalankhula, namwali nkumaŵerama. Mkamwini wokhala kuchikamwini, kutali ndi abale ake, adalibe pokhuthulira za kukhosi, ndiponso adaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira. Chinsinsi cha m'mudzi nacho sichichedwa kufika pachitsime. Kotero zoŵaŵa zina, makamaka zochitika m'nyumba momwemo, munthu ankapita nazo kumanda.

Mantha a misala adakula ndi boma la atsamunda. M'chaka cha 1910 boma la Nyasaland lidapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya ku Zomba kuti muzisungidwa anthu odwala misala. Oŵayang'anira adali asilikali a ndende, osati anamwino, ndipo ambiri mwa osungidwawo adafikako kudzera m'manja mwa apolisi ndi m'mabwalo a milandu. M'chaka cha 1936 madokotala aŵiri achizungu, Shelley ndi Watson, adasindikiza zimene adapeza atafufuza odwala a kumeneko. Maganizo ofala pakati pa azungu a nthaŵiyo adali akuti sukulu ndi moyo wachizungu ndizo zinkasokoneza mutu wa munthu wakuda. Lamulo loyendetsa za odwala misala lidakhazikitsidwa mu 1948, ndipo lidagwira ntchito zaka zoposa 70. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953, chaka chimodzi madokotala a ku Paris atayamba kugwiritsa ntchito mankhwala a chlorpromazine, amene adathandiza odwala ambiri kudekha popanda kumangidwa.

Kwa munthu wa ku Namitete kapena ku Nambuma, Zomba kudali kutali, pakuti kuchokera ku Lilongwe kokha ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300. Wotumizidwa kumeneko ankasoŵa pamudzi miyezi kapena zaka. Kwa nthaŵi yaitali odwala a m'chigawo chapakati ankayamba agonekedwa ku chipatala cha Bottom, chimene tsopano chimatchedwa Bwaila. Umu ndi momwe mawu akuti "wapita ku Zomba" adasandukira chitonzo. Anthu adaphunzira kuti matenda a mumutu ndi a munthu wovula zovala pamsika basi, ndipo kuti wina aliyense wongosoŵa tulo, wolira mobisa kapena wotaya mtima ayenera kungolimba.

Pamene izi zinkachitika, kutsidya kwa nyanja kudali kutabadwa njira ina. Pakati pa 1880 ndi 1882, mumzinda wa Vienna, dokotala Josef Breuer ankasamala mayi wachitsikana dzina lake Bertha Pappenheim. Adaona kuti mayiyo akafotokoza mwatsatanetsatane zimene zidamuchitikira, zizindikiro zina za matenda ake zinkachepa. Mayi yemweyo ndiye adaipatsa njirayi dzina lakuti kuchiza ndi kulankhula. Mu 1895 Breuer ndi mnzake Sigmund Freud adalemba buku lofotokoza za odwala otere. Freud adaikuza njirayo: wodwala ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, nkugona pampando wautali, nkumanena chilichonse chobwera m'mutu, kwa miyezi kapena zaka, ndipo ankalipira yekha. Zambiri mwa ziphunzitso za Freud akatswiri a masiku ano adazikana, koma chinthu chimodzi chidatsala: ola loikika, munthu mmodzi womvetsera, ndi chinsinsi.

Njira imeneyi idafika kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1930. Ku Johannesburg, kumene Anyasa zikwizikwi ankapita kukagwira ntchito, dokotala Wulf Sachs adacheza kwa zaka zoposa ziŵiri ndi sing'anga wa Chimanyika wochokera ku Southern Rhodesia, amene m'buku adamutcha John Chavafambira. Buku lake, Black Hamlet, lidatuluka mu 1937. Ngakhale anthu ophunzira adalidzudzula pa zambiri, bukulo lidatsutsa bodza la nthaŵiyo lakuti munthu wakuda alibe moyo wakuya wa mumtima. Ku Nigeria, mu 1954, Dr Thomas Adeoye Lambo adayamba kusunga odwala m'midzi ya ku Aro pamodzi ndi abale awo, ndipo adagwira ntchito limodzi ndi asing'anga. Ku America, Carl Rogers adaphunzitsa kuti ntchito yaikulu ya phungu ndi kumvetsera popanda kuŵeruza, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Aaron Beck adakonza njira yaifupi yothandiza munthu kuzindikira ndi kusintha maganizo amene amamugwetsa mphwayi.

Kuno ku Malaŵi chimene chidafalitsa mawu akuti uphungu si misala ayi, koma Edzi. Wodwala woyamba adapezeka mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 bungwe la MACRO lidayamba kulangiza anthu asanayezetse magazi ndiponso atayezetsa. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, zipatala za boma ndi za mishoni, monga cha St Gabriel ku Namitete chimene chidatsegulidwa mu 1959, zidakhala ndi kachipinda kotseka chitseko. Kwa nthaŵi yoyamba mlimi wa fodya ndi mayi wogulitsa tomato adakhala maso ndi maso ndi munthu wosakhala mbale wawo, nanena zimene sadauzepo ngakhale mnzawo wa m'nyumba. Koma uphungu umenewo udali wa mphindi zochepa, ndipo udali wa matenda amodzi.

Uphungu wozama udabwera pang'onopang'ono. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kumeneko katswiri wa za maganizo Chiwoza Bandawe adaphunzitsa madokotala ambiri, nalembanso m'nyuzipepala kwa zaka zochuluka zothandiza anthu wamba. Mu 1993 abale a chipani cha St John of God ochokera ku Ireland adafika ku Mzuzu. Adatsegula chipatala cha matenda a maganizo ndi sukulu yophunzitsa aphungu, ndipo pambuyo pake adakhazikitsa nthambi ku Lilongwe. Ngakhale zidatero, antchito adali ochepa kwambiri, moti m'zaka zina za m'ma 2000 zipatala zonse za boma zidadalira dokotala wamkulu mmodzi wa matendaŵa, Dr Felix Kauye wa ku Zomba.

Kusoŵa kwa akatswiri kudachititsa maiko oyandikana nawo kubwerera ku nzeru za makolo. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda wa ku Harare adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu odwala chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti kukumana kasanu ndi kamodzi kunkathandiza anthu ambiri. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malaŵi, kuphatikizapo ku Lilongwe.

Kufunika kwa thandizo lotere kudaonekera poyera mu 2020, pamene apolisi adalengeza kuti chiŵerengero cha anthu odzipha chidakwera kwambiri poyerekeza ndi chaka cha 2019, ndipo ambiri mwa iwo adali amuna. Ngongole, ulova ndi mikangano ya m'banja ndizo zidatchulidwa kaŵirikaŵiri. Mawu aja akuti mwamuna salira adaoneka mtengo wake.

Tsono munthu wamkulu woyamba uphungu wolipira wa nthaŵi yaitali akuloŵa m'chiyani? Pokumana koyamba phungu amafunsa za vuto lenileni, za ubwana, za banja, za tulo, za moŵa ndi za mankhwala amene munthuyo akumwa. Aŵiriwo amagwirizana tsiku, kutalika kwa nthaŵi, kumene kaŵirikaŵiri kumakhala pafupifupi ola limodzi, ndiponso malipiro. Wofuna thandizo ali ndi ufulu wofunsa kumene phunguyo adaphunzira ndi njira imene amatsata. Zokambidwa zimakhala zachinsinsi, kupatula pamene moyo wa munthuyo kapena wa wina uli pangozi. Phungu woona salamula kuti banja lithe kapena lipitirire, ndipo sasandutsa womuthandizayo bwenzi. Ngati aŵiriwo sakumvana, kusintha phungu si mlandu.

Uphungu wautali ndi wa zilonda zakale: umasiye wa paubwana, nkhanza zobisika, chisoni chokana kutha, ndi khalidwe lobwerezabwereza limene limagwetsa ukwati uliwonse ndi ntchito iliyonse. Masabata oyamba mtima ungathe kuŵaŵa koposa kale, monga momwe bala limachitira politsuka. Apa ndi pamene ambiri amathaŵira, kuiŵala kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndalama nazo ndi chopinga chachikulu. Mlimi wa ku Nsaru, amene ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa, ayenera kuŵerengera malipiro pamodzi ndi ulendo, ndipo ndi nzeru kuuza phungu zoona zake za m'thumba kuyambira tsiku loyamba. Wopanda ndalama asadziŵerenge wotayika: chipatala cha boma chapafupi ndi khomo loyamba, ndipo chingathe kumutumiza koyenera. Uphungu suloŵa m'malo mwa mankhwala kwa womva mawu osaoneka mwini wake, ndipo munthu woganiza zodzipha ayenera kuperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafunso aŵiri a kwa Njewa aja ali ndi mayankho m'mbiri imeneyi. Funso la misala lidabadwira m'ndende ya ku Zomba mu 1910, pamene wodwala ndi wamndende ankatsekeredwa ndi loko mmodzi. Funso la abale lidachokera pabwalo ndi pasiŵa, pomwe makolo adazindikira kuti munthu sachira yekha. Wokwera galimoto kupita kwa phungu sadataye abale ake. Wangofuna malo onenera mawu amene pabwalo sanenedwa, kuti madzulo akabwerera kumudzi akhale pamphasa ndi ana ake mtima uli m'malo.