Tiyeni ku Nkhotakota

Njira yake

Munthu wa ku Area 15 alawirire m'mamawa kupita kudepoti ya ku Old Town. Basi imadzera ku Salima, kenako nkukhotera kumpoto mumsewu wa M5. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 200. Pamlatho wa Chia muona amayi atanyamula nsomba m'manja, akuitanira malonda.

Jumbe

Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, dzina lake Salim bin Abdallah. Anthu ankamutcha Jumbe. Iyeyu ankagula minyanga ya njovu, ankagulanso anthu.

Anthu ogwidwawo ankawatsekera mumpanda kudikira zombo zamatanga. Zimenezi ndi zombo zoyenda ndi mphepo. Zikadzaza zinkawoloka nyanja. Kutsidyako akapolo ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, goli lili m'khosi. Wofooka ankamusiya m'njira. Mafumu ena akuno komwe ankagulitsa anthu pofuna nsalu ndi mfuti. Nkhaniyi ndi yowawa, koma ana athu aimve kwa ife.

Mkuyu

David Livingstone anafika kuno koyamba mu 1861. Atabweranso anakumana ndi Jumbe, namupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanamvere. Malondawo anatha m'ma 1890, Angerezi atayamba kulamulira dziko lino.

Mkuyu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone ukadalipo, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Khalani pamthunzi pake, koma musalembe dzina lanu pakhungwa. Mtengowo ndi wa tonse. Chapafupi pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe pali manda a Bishopu Chauncy Maples. Iwowa anamira panyanja mu 1895.

Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota komweku.

Mukafika

Kuno Asilamu ndi ambiri, ndipo akhala limodzi ndi Akhristu kuyambira kale. Valani modzilemekeza. Musanajambule munthu kapena mzikiti, pemphani. Wokuonetsani malo mumpatseko kangachepe, chifukwa ndi ntchito yake.

Amene thumba lawalola akaone njovu kunkhalango ya Nkhotakota. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Pobwerera gulani mpunga pamsika, koma muyambe mwaununkhiza musanalipire.