Khasu, Macheka ndi Mawaya: Mbiri ya Maphunziro a Manja ku Chipata

Amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State atamanga misasa pa Magwero m'chaka cha 1899, ndi pa Madzimoyo mu 1903, sanangobwera ndi Baibulo ndi masileti. Anabweranso ndi macheka, nyundo ndi zikombole za njerwa. Mnyamata wa pa mishoni ankawerenga m'mawa, masana n'kumapala matabwa kapena kugwira khasu m'munda.

Luso limeneli linali lenileni, ndipo linamanga matchalitchi ndi masukulu. Koma makolo sanachedwe kuona kuti pa boma la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, wodya bwino anali kalaliki wovala kolala yoyera, pamene kalipentala ankangothera thukuta. Anazindikiranso kuti azungu ambiri ankakonda maphunziro a manja chifukwa ankafuna kuti munthu wakuda akhale wantchito basi. Chilonda chimenecho sichinapole msanga, ndipo mpaka lero alipo makolo amene amaona ngati mwana wopita kukaphunzira zowotcherera zitsulo walephera sukulu.

Ufulu utabwera mu 1964, Zambia inali ndi migodi yaikulu ya kopa koma mainjiniya akeake anali owerengeka. Mu 1968 kunayambika JETS, makalabu a m'masukulu a ana okonda uinjiniya ndi sayansi. Dongosolo lake ndi losavuta: mwana apange chinthu chothetsa vuto limene akuliona, achionetse pa sukulu pake, akapambana apite nacho ku chionetsero cha boma lonse, kenako cha chigawo, pomaliza cha dziko. Kwa ophunzira a ku masukulu a Chizongwe, St Monica's kapena Hillside, kupambana kumatanthauza ulendo, ndipo ngati chionetsero chili ku Lusaka, ndiye mtunda wa makilomita oposa 500 mumsewu wa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Akafika, mwanayo amaima yekha pamaso pa oweruza n'kufotokoza mmene chipangizo chake chimagwirira ntchito. Waya ukaduka m'njira, aulumikize yekha. Phunziro lotere silipezeka pa bolodi.

Za malonda zinalowa mu 1975, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse ikhale ndi production unit, gawo lolima ndi kupanga zinthu zogulitsa. Mtengo wa kopa unali utagwa, ndipo boma linkafuna kuti masukulu azidzithandiza okha. Ana analima chimanga, mtedza ndi ndiwo zamasamba, naweta nkhuku ndi nkhumba. Pomwe aphunzitsi anali ndi mtima, ana anaphunzira kuwerengera mtengo wa feteleza ndi kupeza phindu pa thumba lililonse. Pena munda womwewo unasanduka malo olangira ochedwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri anachoka akudana ndi khasu limene linkayenera kuwadyetsa.

M'zaka za m'ma 1980, Chipata anali ndi fakitale ya Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle. Mwana wa kuno ankatha kuona kuti njinga imene bambo ake akunyamulira thonje yatuluka m'manja mwa anthu a m'tauni yomweyi. Boma litayamba kugulitsa makampani ake m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo inagulitsidwa ndipo mphamvu yake inazilala. Luso lokonza njinga linatsala m'manja mwa amakaniko a pansi pa mitengo, amene amawongola masipoko a njinga zonyamula anthu ndi katundu.

Silabasi ya 2013 inatsegula njira ziwiri ku sekondale, ya mabuku ndi ya ntchito za manja, ndipo wophunzira wa njira yachiwiri ankatha kulemba mayeso a ntchito za manja a bungwe la TEVETA asanachoke pa sukulu. Malo okaonera ntchito yeniyeni alipo pafupi: ku Msekera amafufuza za mbewu, ku fakitale ya COMACO amapera mtedza wa alimi kukhala chiponde cha It's Wild!, ndipo Chipata Trades Training Institute imaphunzitsa ntchito zamanja. Chimene chimavuta ndi ndalama ya basi ndi zipangizo. Sukulu ya kumudzi yopanda magetsi imapikisana pa chionetsero chimodzi ndi ya m'tauni yokhala ndi labu, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi ndi amene amatulutsa ya m'thumba mwake kugula mabatire ndi guluu.