Mafuta a maluwa a marigold ndi chitetezo cha khungu

Dzina loti marigold limatchulidwa pa zomera ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwa aliyense woona za chitetezo cha mafuta odzola. Calendula officinalis, wa kummwera kwa Ulaya, maluwa ake amaviikidwa m'mafuta wamba n'kukhala mankhwala oziziritsa khungu lothetheka. Mafuta a fungo lamphamvu aja amachokera ku chomera china, Tagetes minuta, chomwe kwawo n'ku South America.

Ku South Africa chomerachi amachitcha khakibos, poti akuti chidalowa m'dzikomo ndi udzu wa akavalo a asilikali a Britain pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902. Alimi ambiri amachiona ngati tchire chabe, komabe mafuta ake amapangidwa ku South Africa, Zimbabwe ndi India. Amamweta chomeracho chikachita maluwa n'kuchitcheza ndi nthunzi, pafupifupi monga atchezera kachasu.

Vuto lili pa dzuwa. M'mafutawa mumapezeka alpha-terthienyl, amene akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amalitentha, nthawi zina mpaka matuza. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018 bungwe la European Union lidalamula kuti mafutawa asapitirire 0.01 peresenti m'zodzola zokhalitsa pathupi, ndi 0.1 peresenti m'zotsukuluza monga sopo. M'mafuta oteteza khungu kudzuwa adawaletseratu. Choncho pabotolo pakangolembedwa kuti marigold, woyendera katundu ayenera kufufuza dzina la Chilatini.